Chingerezi choyambira pa thumba la feteleza

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi kuno ku Santhe, m'boma la Kasungu, ndipo ntchito imene imandidyera nthawi kwambiri ndi yowerengera anthu mapepala. Fomu ya ngongole ya zipangizo, pepala la malonda lochokera ku okushoni ya fodya ku Chinkhoma, uthenga wa pafoni wonena za ndalama, kalata yochokera kusukulu ya mwana, zonsezi zimabwera m'Chingerezi. Amene zimawafikira ndi abambo ndi amayi omwe sukulu anailekera panjira, ambiri chifukwa anakula pulayimale ikadali yolipira, chisanafike chaka cha 1994. Ena anafika Sitandade 4 kapena 5, n'kuchoka pa nthawi yomwe maphunziro onse amayamba kuyendetsedwa m'Chingerezi. Munthu woti amawonkhetsa m'mutu ndalama za mabelo ake kalaliki asanamalize kudina kakyuleta, pepala likafika amangofunsa kuti, "Ndisaine pati?" Zimenezi zimandipweteka mtima. Ngati inu mukuwerenga izi pafoni koma wofunika thandizo ndi mayi anu kapena amalume, akhazikeni pansi muwawerengere.

Munthu wamkulu asayambe ndi buku la galamala, asayambenso ndi mndandanda wa mawu a zinthu zomwe sadzazigwira n'komwe. Chingerezi choyamba kuphunzira ndi chomwe chili kale m'nyumba mwanu, chomwe chikukhudza ndalama zanu, munda wanu ndi moyo wa ana anu. Chimenecho simuchiiwala msanga, chifukwa mawa mukumana nachonso.

Gulani kope wamba la ana asukulu ndi cholembera. Pindani tsamba pakati: kumanzere kukhale Chingerezi, kumanja Chichewa. Lamulo langa ndi limodzi, ndipo ndimaliumirira: musalembe liwu lili lokha, lembani chiganizo chonse momwe mwachipezera. Tengani thumba la feteleza lija mwayala pakhonde. Pena pake palembedwa "Net weight 50 kg", kutanthauza kulemera kwa feteleza yekha, osawerengera thumba. Tengani botolo la mankhwala opopera mbewu kapena othira m'chimanga. Mupezapo "Keep out of reach of children", sungani posafikira ana. Mwinanso "Store in a cool dry place", ikani pamalo pozizira komanso pouma. "Shake well before use", khutchumulani bwino musanagwiritse ntchito. Ndi "Expiry date", tsiku lomwe mankhwalawo athere mphamvu. Koperani chimodzi, funsani wodziwa akuuzeni tanthauzo ndi katchulidwe kake, lembani Chichewa chake m'mawu anuanu. Kenako tengani liwu limodzi m'chiganizocho mulisinthire malo. Kuchokera pa "keep" mupanga "Keep the receipt", sungani lisiti, ndi "Keep the money", sungani ndalama. Kuchokera pa "before" mupanga "before planting", musanabzale, ndi "before Friday", lisanafike Lachisanu. Botolo limodzi lingakukwanireni sabata yathunthu.

Foni ndiye mphunzitsi amene amabwereza phunziro osatopa. Mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba amagwiritsa ntchito mawu omwewomwewo: received, mwalandira, sent, mwatumiza, balance, zotsala, amount, kuchuluka kwa ndalama, confirm, tsimikizani, cancel, lekani, insufficient, zosakwanira. Mawu amenewa alowezeni pamtima mwezi woyamba womwewo. Munthu amene amasiyanitsa yekha "You have received" ndi "You have sent" sapereka foni yake kwa mlendo kuti amuwerengere, ndipo akuba a pafoni aja, onena kuti atumiza ndalama molakwitsa, amavutika kumupusitsa chifukwa amatha kuyang'ana yekha balansi yake.

Pa pepala la malonda ndi la ngongole, mawu oyamba kuwagwira ndi gross ndi net. Gross ndi ndalama zonse zomwe katundu wanu wapanga asanachotsepo kalikonse. Net ndi zomwe zikufika m'manja mwanu. Pakati pa ziwirizi pali deductions, zodulidwa, ndipo pansi pake pamakhala mzere ndi mzere: transport, ya mayendedwe, levy ndi tax, misonkho, loan, ngongole. Weight ndi kulemera, grade ndi giredi yomweyo, price ndi mtengo, ndipo pa fodya mtengowo umalembedwa m'madola pa kilogalamu. Pa ngongole yang'anani interest, chiwongoladzanja, ndi due date, tsiku lomaliza kubweza. Ndaonapo alimi akukangana ndi mabanja awo chifukwa kunyumba ananena ndalama za pa gross, zomwe zinafika n'kukhala za pa net.

Musadziderere kuti mukuyambira pa ziro. Sopo, supuni, foloko, kapu, botolo, tebulo, buledi, shuga, bokosi, basi, tikiti, sitolo, sukulu, sikelo, belo, zonsezi n'zochokera ku Chingerezi. Mitengo kumsika timatchula m'Chingerezi, nthawi timati teni koloko, miyezi timati Januwale ndi Okutobala. Chofunika n'kuphunzitsa pakamwa kuchotsa zomwe Chichewa chinawonjezerapo. Ife liwu lililonse timalimaliza ndi a, e, i, o kapena u, pomwe Chingerezi chimakonda kuthera pa lembo louma. Ndiye sopo akhale soap, milomo itsekeke pa p pomwepo. Kapu ikhale cup. Sukulu ikhale school, s ndi k zigundane popanda u pakati. Yesani pang'onopang'ono muli nokha, mokweza mawu. Kuwerenga chamumtima sikuphunzitsa lilime.

Tsopano galamala, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu amathawira pamene zofunika zenizeni ndi zochepa.

Dongosolo la chiganizo ndi lofanana ndi lathu: wochita, mneni, kenako chochitiridwa. "Mwana akudya nsima" ndi "The child is eating nsima", mawu akutsatana chimodzimodzi. Kusiyana kuli pakuti Chichewa chimalongedza zonse m'liwu limodzi. Mu "ndinagula", ndi akunena ine, na akunena kuti zinachitika kale, gula ndiye ntchitoyo. Chingerezi chimamwaza zimenezi kukhala timawu tosiyana, kapena chimasintha mneniyo. Nthawi zisanu zomwe timagwiritsa ntchito tsiku lililonse zili ndi zinzake m'Chingerezi, ndipo ndimauza aliyense kuti azilembe pa tsamba loyamba la kope lake motere:

Ndimagula, I buy. Ndikugula, I am buying. Ndagula, I have bought. Ndinagula, I bought. Ndidzagula, I will buy.

Mukagwira zisanuzi, mwagwira zambiri zomwe mungafune kunena kubanki, kusitolo kapena kwa aphunzitsi a mwana wanu. Tsiku lililonse tengani mneni mmodzi mumuyendetse m'nthawi zisanuzi, ndi chinthu chenicheni cha tsiku limenelo: "I sell groundnuts. I am selling groundnuts. I have sold groundnuts. I sold groundnuts yesterday. I will sell groundnuts tomorrow." Mawa lake mutenge pay, mkuja mutenge send.

Aneni ambiri akamanena za kale amangowonjezera ed kumapeto: plant akhala planted, harvest akhala harvested, weigh akhala weighed. Koma alipo ena osamvera lamulo limeneli, ndipo mwatsoka ndi omwe timawafuna kwambiri: go ndi went, come ndi came, buy ndi bought, sell ndi sold, pay ndi paid, bring ndi brought, take ndi took, give ndi gave, send ndi sent, see ndi saw, eat ndi ate. Amenewa alibe njira yachidule. Alowezeni awiriawiri, muwaimbe ngati muyenera kutero. Ena mwa iwo amasinthanso kachitatu akatsatana ndi have, monga gone, taken, given, seen ndi eaten, koma zimenezo muzionjezere pamene awiri oyambawo akhazikika.

Pali malo angapo pomwe Chichewa chathu chimatikokera kwina, ndipo mukawadziwiratu simupunthwa kwambiri. Ife timati iye, kaya ndi mwamuna kaya mkazi. Chingerezi chimati he kwa mwamuna, she kwa mkazi. Njira yothandiza ndi kumangirira mawuwa kwa anthu a m'nyumba mwanu: tsiku lililonse nenani chiganizo chimodzi cha mwana wanu wamkazi ndi china cha wamwamuna, "She is at school", "He is at the garden". Kumbukiraninso kuti pa he ndi she, zinthu zochitika nthawi zonse zimafuna s pa mneni: I sell, koma she sells.

Ulemu ndi nkhani ina. Ife munthu wamkulu timamuchulukitsa: abambo abwera, agogo akudwala. M'Chingerezi munthu mmodzi amakhala mmodzi ngakhale atakhala mfumu, ndiye "My father has come", osaikapo they. Ndipo you ndi wa aliyense, mwana kapena gogo. Izi zimachititsa akuluakulu ena kuona ngati Chingerezi chilibe mwambo, koma ulemu wake uli m'timawu tina: please, excuse me, may I, could you. "Give me the form" imamveka ngati kulamula. "May I have the form, please?" ndiye kupempha kwa munthu woleredwa bwino. Lowezani chiganizo chimenechi chonse, muzingosintha chinthu chomwe mukupempha.

Mawu ofotokoza ndi manambala amatsogola: thumba lalikulu ndi big bag, mabelo atatu ndi three bales. Kuchulukitsa ife timachitira kutsogolo, thumba ndi matumba, iwo amachitira kumapeto ndi s, bag ndi bags, kupatula ochepa monga child ndi children, man ndi men, woman ndi women. Za timawu a ndi the musataye nazo tulo poyamba. A ndi chinthu china chilichonse, the ndi chija tonse tikuchidziwa. Mukatiphonya anthu amvabe, ndipo khutu lidzazolowera lokha.

Mafunso ndi kukana zimafuna do, ndipo pa zakale zimafuna did. "Do you sell seed?" mumagulitsa mbewu? "Did you pay?" munalipira? "I did not pay", sindinalipire. Onani kuti did akangolowa, mneni amabwerera mwakale: timati did not pay, osati did not paid, chifukwa did wanyamula kale nthawi yakaleyo.

Koma msampha waukulu, womwe ungakutayitseni ndalama, ndi funso lokana. Wina akakufunsani kuti, "Simunalandire feteleza?" inu mumati "Eya", kutanthauza kuti akunena zoona, simunalandire. M'Chingerezi, akafunsa "Didn't you receive the fertilizer?" inu n'kuyankha yes, amva kuti munalandira, ndipo akhoza kulemba choncho. Yes amayenda ndi chinthu chimene chinachitika, no ndi chimene sichinachitike, mosayang'ana mmene funso labwerera. Mankhwala ake ndi kuyankha chiganizo chonse nthawi zonse: "No, I did not receive it", kapena "Yes, I received it." Pa nkhani ya ndalama musayankhe ndi liwu limodzi.

Enanso awiri ofunika kuwasamala. Kubwereka ndi borrow, kubwereketsa ndi lend, ndipo pa pepala la ngongole borrower ndinu, lender ndi wokongozayo. Ndiponso kumva kwathu kuja, komwe timamva nako mawu, fungo, kuzizira ndi ululu, m'Chingerezi kunagawidwa: hear ndi khutu, smell ndi mphuno, feel ndi thupi, understand ndi mutu. "I do not understand" ndi chiganizo choyenera kukhala pafupi pakamwa panu, ndipo mulibe chamanyazi m'menemo.

Katchulidwe sikofunika kuti kafanane ndi ka mzungu. Chofunika n'kuti akumveni. Komabe zinthu ziwiri zokha muzilimbikire. Choyamba ndi l ndi r, zomwe kwa ife zimasinthana popanda kuwononga tanthauzo, koma kwa iwo collect ndi kutenga, correct ndi kukonza. Load ndi katundu, road ndi msewu. Pa l nsonga ya lilime ikhudze kuseri kwa mano a m'mwamba. Pa r lilime libwerere m'mbuyo pang'ono osakhudza paliponse. Chachiwiri ndi manambala a 13 mpaka 19 ndi anzawo a 30 mpaka 90. Fifteen ndi fifty, pa phokoso la pamsika kapena pafoni, zimamveka ngati chimodzi. Pa fifteen mawu amakokera kumapeto, pa fifty amagunda koyambirira n'kuduka msanga. Mukakayika funsani kuti, "One five or five zero?" Ngakhale ophunzira kwambiri amafunsa choncho.

Khutu nalo lifunika chakudya chake. Wailesi ya MBC ndi ya Zodiak zimawerenga nkhani m'Chichewa komanso m'Chingerezi. Mverani za Chichewa kaye kuti mudziwe zomwe zachitika, kenako za Chingerezi za tsiku lomwelo. Poti nkhaniyo mukuidziwa kale, mayina a malo ndi a anthu amakhala ngati zikhomo, ndipo mumayamba kutola mawu oyandikana nawo. Musafune kumva zonse. Mukatolapo awiri kapena atatu, lembani. Amene amapemphera ndi Baibulo ali ndi mwayi wina: vesi lomwe mumalidziwa pamtima m'Chichewa muliwerenge m'Baibulo la Chingerezi, bola likhale la Chingerezi chamakono, osati lakale lija la thee ndi thou, chifukwa mawu amenewo palibe amene amayankhula lero. Mabuku a Chingerezi a ana a Sitandade 2 ndi 3 nawonso ndi abwino kwambiri kwa wamkulu, chifukwa ali ndi zithunzi ndipo amabwereza mawu.

Za zithunzizi, tili ndi umboni wa kwathu konkuno. William Kamkwamba wa ku Wimbe atalekera sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi, nthawi ya njala ya 2002, ankabwereka mabuku a sayansi pa kalaibulale kakang'ono ka kwawoko. Iye mwini ananenapo poyera kuti Chingerezi sankachiwerenga bwino, ndiye ankayang'ana zithunzi ndi zojambula kuti adziwe mawu olembedwa m'mbali mwake. Ndi mmene anafikira popanga makina a mphepo opangira magetsi kunyumba kwawo, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Chomwe ndimatengapo ine n'chakuti ankawerenga chinthu chomwe ankachifunadi, ndipo mawu ankabwera chifukwa cha chinthucho.

Nthawi ndiye anthu amadandaula nayo, ndipo n'zoona kuti m'dzinja munthu ukachoka kumunda thupi limangofuna mphasa. Koma mawu ali ngati nazale ya fodya: madzi pang'ono m'mawa ndi madzulo amaposa mtsuko wathunthu kamodzi pa sabata. Ziganizo zitatu pa tsiku n'zokwanira, bola muyambe mwabwereza za dzulo musanalembe zatsopano, ndipo Lamulungu masana mubwereze za sabata yonse mutaphimba mbali ya Chingerezi ndi dzanja. Pali ntchito zambiri zomwe manja amatanganidwa pakamwa pali pa ulere: kusoka ndi kusankha fodya m'chigafa, kuswa mtedza, kutong'ola chimanga, kupalasa njinga kupita ku Kasungu boma. Nthawi zimenezo nenani zomwe mukuchita: "I am grading tobacco. I am shelling groundnuts." Tsegulani kope muliike pambali, mwala pamwamba kuti mphepo isatembenuze tsamba.

Chopinga chachikulu kuposa nthawi ndi manyazi. Kumudzi munthu wamkulu akayesa Chingerezi, pamapezeka wina womuseka kuti chathyoka, kapena wonena kuti wayamba kudzimva. Ndiye pezani munthu mmodzi yekha woyeserera naye, amene sakusekani: mkazi kapena mwamuna wanu, mnzanu wa mu kalabu, kapena mwana wa Sitandade 7. Ana amakondwa kwambiri kukhala aphunzitsi a makolo awo, ndipo nawonso zimawathandiza, poti Chingerezi adzachifuna mpaka pa mayeso a MSCE, pomwe wolephera phunziro limeneli satenga satifiketi. Kwa inu achinyamata ophunzitsa makolo, pempho langa ndi ili: mayi akalakwitsa, asiyeni amalize chiganizo, kenako munene chokhoza mofatsa, iwo abwereze. Mukawadula pakati kapena kuseka, kope litsekedwa ndipo silidzatsegulidwanso. Amene ali ndi WhatsApp angathe kujambula mawu awo n'kutumizira m'bale wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg kuti awayankhe m'Chingerezi chosavuta. Google Translate ili ndi Chichewa ndipo imathandiza pa liwu limodzi kapena chiganizo chachifupi, koma pa pepala lofuna siginecha musaidalire yokha.

Ndinene ichi momveka, chifukwa ndimachikhulupirira: kuphunzira Chingerezi sikukuchotserani ufulu wofunsa m'Chichewa. Ogwira ntchito ambiri kubanki, kuchipatala ndi m'maofesi kuno ku Kasungu amayankhula Chichewa, ndipo nkhani ikakhala yaikulu, monga matenda kapena ngongole, auzeni akufotokozereni m'chiyankhulo chomwe mumaganizira. Chingerezi chanucho ntchito yake ndi yoti muone ndi maso anu ngati zomwe akunena pakamwa ndi zomwe zalembedwa.

Choncho wina akakupatsirani pepala ndi cholembera, khalani ndi ziganizo izi zokonzeka, zolowezedwa mpaka zizituluka zokha: "Please speak slowly", chonde yankhulani pang'onopang'ono, "May I read it first?" ndingawerenge kaye, "What does this word mean?" liwu ili likutanthauza chiyani, "Please give me a copy", ndipatseniko langa. Kenako yendetsani chala pa pepalalo mufufuze dzina lanu ngati lalembedwa bwino, amount, interest, due date, ndi paliponse pomwe pali deduct. Pomwe pali mpata wosalembedwa, funsani chomwe chidzalembedwepo musanasaine. Ngati akana kukupatsani lanu, pemphani kulijambula pafoni, mukaliwerenge kunyumba ndi munthu amene mumamukhulupirira, ndipo mawu onse amene anakuvutani m'menemo alowe m'kope usiku womwewo.